Kuyendera Malire: Mwambo wa ku Selkirk

Lero tikambe za Selkirk, mudzi waung'ono wa ku Scotland.

Kale anthu a mudziwu anali ndi dziko la onse, lodyetsako ng'ombe ndi nkhosa. Koma eni minda oyandikana nao ankalowerera pang'ono pang'ono. Cifukwa cace caka ndi caka amuna a m'mudzi ankakwera pa akavalo ndi kuzungulira malire onse, kuona ngati wina wadumpha.

Mwambowu ulipobe. M'mwezi wa June, mbandakuca, ng'oma ndi zitoliro zimadzutsa anthu. Mnyamata wosankhidwa amatsogola ndi mbendera ya mudzi, apakavalo ambirimbiri pambuyo pace. Amaoloka mtsinje wa Ettrick nakwera phiri la Three Brethren, kumene miulu itatu ya miyala isonyeza pokomana maiko atatu.

Pobwerera amakumbukiranso nkhondo ya ku Flodden ya mu 1513, imene Angerezi anapha mfumu ya Scotland, James IV. Makolo amati mwa amuna 80 amene anapita, anabwerako mmodzi yekha, dzina lace Fletcher, atanyamula mbendera ya adani. Posowa mau, anaizunguza naitsitsa pansi. Kufikira lero amacita momwemo, khamu lonse nkukhala duu.

Inu mafumu mudziwa kuti mlandu wa munda umakula akatha okalamba odziwa malire. Ku Selkirk ana amapenya malire ndi maso ao caka ciriconse, motero mboni sizitha. Kodi inu munawayendera liti malire anu pamodzi ndi anyamata?

Tsalani bwino.