LAPUTOPU YATSOPANO NDI KUSANKHA MTHENGA WOSUNGA CINSINSI

Awa ndi mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a masukulu a m'midzi. Wolankhulayo anali mphunzitsi wamkulu amene waphunzitsa za makompyuta zaka zambiri. Alembedwa pano cifukwa ca iwo amene sanathe kufika.

Mkuluyo anayamba ndi kuika zinthu ziwiri pa tebulo: buku la kaundula wa sukulu, ndi laputopu yatsopano imene inali ikali m'bokosi lace. Anafunsa kumene bukulo limasungidwa, ndipo onse anayankha kuti m'kabati yokhoma, kiyi ali m'thumba la mphunzitsi wamkulu. Pamenepo iye anati zonse za m'bukulo, pamodzi ndi zina zambiri, zirikulowa tsopano m'laputopu: maina a ana ndi masiku ao obadwa, malikisi a mayeso, maina a ana amasiye ndi a iwo akumwa mankhwala, manambala a lamya a makolo. Kabati yatsopanoyi iri ndi khomo loturukira ku dziko lonse lapansi, ndipo ambiri amayamba kuigwiritsa nchito khomolo liri pululu.

Anakumbutsa msonkhano kuti zinsinsi zimenezi siziri za mphunzitsi iai, iye anangosungitsidwa. Mu caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo lochedwa Data Protection Act, limene lilamula aliyense wosunga mbiri ya anthu ena kuti aisunge mosamala, makamaka mbiri ya ana ndi nkhani za matenda. Cotero kukonza laputopu si nchito ya anyamata okonda makina okha. Ndi udindo wa mphunzitsi mwini wace.

1. Tsiku Loyamba

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mkuluyo anati tsiku lotsegula laputopu lisakhale tsiku la changu. Mwini wace apite nayo kumene kuli magetsi ndi intaneti yamphamvu, monga ku boma, pakuti makina atsopano amafuna kulandira zigamba zambiri asanayambe nchito. Zigamba zimenezi, zochedwa updates, zimatseka ming'alu imene akuba amalowerapo, ndipo pa tsiku loyamba zikhoza kudya bandulo ya mwezi wathunthu. Akabwerera kumudzi, alowe mu Settings ndi kuuza makina kuti intaneti yace ndi yoyesa, ndiyo metered connection, kuti asamakoke zinthu zazikulu mwini wace osadziwa.

Asanalipire ndalama, wogula aone kuti makinawo ali ndi Windows yanji. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga mwa kale pa 14 October 2025. Makina ogwirapo kale nchito, amene sangathe kunyamula Windows 11, angaoneke ochipa, koma afanana ndi nyumba imene mmisiri wace analeka kuifolera.

Makina akayaka, amafunsa mafunso angapo, ndipo ambiri a iwo amafika atayankhidwa kale kuti inde. Apa ndi pamene anthu amagwa, cifukwa amangodinda mofulumira kuti afike ku mapeto. Mkuluyo analangiza kuwerenga funso liri lonse. Nambala ya amalonda, yochedwa advertising ID, izimitsidwe. Kutumiza ku kampani mbiri yoonjezera ya m'mene makina agwirira nchito kuzimitsidwenso. Cimodzi cokha anati munthu ayambe waganiza bwino: Find my device, cimene cimathandiza kupeza laputopu yobedwa, koma cimafuna kuti makina adziwitse malo amene ali.

Za mau acinsinsi otsegulira makina anati asakhale dzina la mwana, kapena la sukulu, kapena caka cobadwa, pakuti izi mudzi wonse uzidziwa. Mau anai kapena asanu osagwirizana, olumikizidwa pamodzi, ndiwo olimba ndiponso osabvuta kukumbukira. Ngati a pa banja adzagwiritsako laputopuyo, awatsegulire khomo laolao, akaunti yaciwiri yopanda mphamvu ya kusintha makina. Anacenjezanso kuti makina ambiri a Windows 11 amakhoma okha zonse za m'kati mwao, ndipo kiyi wace ndi nambala ya manambala 48 imene imasungidwa m'akaunti ya Microsoft. Kukhomako nkwabwino, cifukwa mbala siingawerenge kanthu. Koma mwini wace alembe nambalayo pa pepala ndi kuisunga m'kabati, cifukwa makina akadzaifunsa iye alibe, nchito yace yonse yatayika.

Pomariza pa mutu uwu analankhula za mapulogalamu amene amabwera ali kale m'makina. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2015 kunadziwika kuti malaputopu ena a kampani ya Lenovo anagulitsidwa ali ndi pulogalamu yochedwa Superfish, imene inkalowerera pakati pa munthu ndi masamba okhoma a pa intaneti kuti imuonetse malonda, ndipo potero inatsegulira njira akuba. Cimene mphunzitsi sacidziwa ndipo sacifuna, acicotse. Mlonda wa Windows, Microsoft Defender, ali kale m'makina ndipo salipiritsa. Mphunzitsi asalole munthu kumuikira mapulogalamu akuba. Wosowa ndalama za Microsoft Office atenge LibreOffice, imene iri yaulere ndi yololedwa.

2. Mthenga ndi Omtsata

Atatha izi mkuluyo anafika pa mutu umene anati ndiwo waukulu. Browser ndiyo pulogalamu imene munthu amatsegulira masamba a pa intaneti. Iye anaifanizira ndi mthenga wotumidwa ndi makalata: amadziwa nyumba iri yonse imene watumidwako, nthawi imene anapita, ndi cimene anabwera naco. Mthenga wotere akakhala wa pakamwa, mwini makalata alibe cinsinsi.

Anafotokoza njira ziwiri zimene anthu amatsatidwira. Yoyamba ndi tizizindikiro tochedwa cookies, timene Lou Montulli wa kampani ya Netscape anayambitsa mu 1994. Tsamba limapatsa browser kacizindikiro kuti likamzindikire munthu akabweranso, ndipo pa ico cokha palibe colakwa. Koma masamba ambiri amanyamula m'kati mwao tizidutswa ta makampani a malonda, ndipo kampani imodzi ikhoza kukhala pa masamba zikwi zambiri. Kacizindikiro kace kamaonedwa pali ponse pamene munthu wafika, kufikira kampaniyo idziwa kuti uyu anawerenga za ngongole dzulo, za matenda a shuga lero, ndi za kufuna nchito yina usiku.

Njira yaciwiri siifuna cizindikiro konse. Tsamba limafunsa browser za ukulu wa galasi la makina, cinenero, nthawi ya dziko, mitundu ya zilembo, ndi zina zotere. Ciri conse pa cokha ncacabe, koma zikaphatikizidwa zimakhala ngati cidindo ca cala. Mu 2010 bungwe la Electronic Frontier Foundation la ku America linayesa ma browser oposa 470,000, ndipo linapeza kuti 83 mwa 100 ali onse anali ndi cidindo cosafanana ndi wina aliyense.

3. Amlipira Ndani?

Ma browser onse ochuka amaperekedwa kwaulere. Cifukwa cace, anatero mkuluyo, funso loyamba pa mthenga ali yense likhale ili: amlipira ndani?

Chrome ndi ya Google, ndipo inaturuka mu 2008. Ndi yacangu, ndi yolimba pokana akuba, ndipo ndiyo imene anthu ambiri pa dziko amagwiritsa nchito. Koma gawo lalikulu la cuma ca Google limacokera ku malonda, ndipo malonda amakwera mtengo pamene wogula adziwika bwino. Mu January 2020 Google inalonjeza kuti idzacotsa cookies za makampani otsata anthu m'zaka ziwiri. Inazengereza kangapo, ndipo mu 2024 inabweza mau ace. Kampani ya Apple inali itatsekereza kale cookies zotere mu Safari m'caka ca 2020, koma Safari imapezeka pa makina a Apple okha.

Edge ndi ya Microsoft, ndipo ndiyo imene mphunzitsi adzaipeza iri kale m'makina. Kuyambira 2020 inamangidwa pa maziko amodzi ndi Chrome, ochedwa Chromium. Iri ndi mpanda wochinga otsata wa misinkhu itatu, ndipo woigwiritsa nchito aukweze kufika pa Strict. Koma Microsoft nayonso iri ndi malonda aceace.

Firefox inaturuka mu 2004, ndipo mwini wace ndi bungwe la Mozilla, limene silinakhazikitsidwe cifukwa ca phindu. Iri ndi maziko aceace. Kuyambira 2019 imachinga otsata odziwika popanda kuuzidwa, ndipo kuyambira 2022 imaika cookies za tsamba liri lonse m'nkhokwe yaceyace, kotero kuti kampani siingatenge cizindikiro ca pa tsamba ili ndi kukacizindikira pa lina. Mkuluyo sanabise colowa cace: ndalama zambiri za Mozilla zimacokera kwa Google yemweyo, amene amalipira kuti akhale wofufuzira woyamba mu Firefox.

Brave inayambitsidwa ndi Brendan Eich ndipo inaturuka mu 2016. Imachinga malonda ndi otsata kuyambira tsiku loyamba, munthu osakonza kanthu. Koma iri ndi malonda aceace ndi ndalama za pa intaneti, zimene mphunzitsi angozisiya zozimitsa. Mu 2020 inapezeka irikuonjezera cizindikiro cace copezera ndalama pa ma adiresi ena amene anthu analemba. Eni ace anapepesa ndi kuleka.

Tor Browser imabisa koposa onse, cifukwa imapititsa uthenga pa makina atatu usanafike kumene upita. Koma imayenda pang'onopang'ono, ndipo pa intaneti ya kumudzi siiyenera nchito ya tsiku ndi tsiku.

4. Uphungu Wace

Mkuluyo anati palibe mthenga wopanda banga, koma ena amasunga pakamwa kuposa anzao. Kwa mphunzitsi wa kumudzi iye anasankha Firefox. Aitenge ku tsamba la eni ace, mozilla.org, osati pa fulashi ya mnzace kapena pa tsamba lina lolonjeza zaulere. Akaiika, akweze citetezo cace kufika pa Strict, ndipo aonjezere kapulogalamu kamodzi kokha, uBlock Origin, kamene Raymond Hill anaturutsa mu 2014. Chrome inasintha malamulo ace kuyambira 2024, ndipo kapulogalamuka sikagwiranso nchito m'menemo monga kale. Mu Firefox kamagwira mokwanira. Wosafuna kukonza zambiri atenge Brave. Pofufuza nkhani angasinthe Google ndi kuika DuckDuckGo, imene siisunga mbiri ya mafunso pa dzina la munthu.

Anaonjeza phindu limene linakondweretsa ambiri: malonda ndi otsata amadya bandulo, ndipo akachingidwa masamba amatseguka msanga, ndalama nizikhalitsa. Edge asaicotse, koma aisunge cifukwa ca masamba ena a nchito amene angakane kutseguka bwino mu Firefox.

5. Zimene Browser Siingathe

Apa mkuluyo anacenjeza kolimba. Ambiri amayesa kuti zenera lochedwa Incognito kapena Private limawabisa kwa onse. Iai, limangofafaniza mapazi pa laputopu pomwepo, kuti wobwera pambuyo asaone. Masamba amene munthu wapitako amamuonabe, kampani yompatsa intaneti imaonabe. Mu 2020 Google inasumiridwa ku America pa nkhani yomweyi, ndipo mu 2024 inabvomera kufafaniza mabiliyoni a zolembedwa za anthu amene anagwiritsa nchito zenera lotere.

Ndiponso browser siingachinge munthu amene wadziulula yekha. Wolowa mu Facebook ndi dzina lace wadziwika. Wodinda pa uthenga wonena kuti wapambana mphotho, ndi kulemba mau ace acinsinsi, wapereka kiyi ndi manja ace. Mphunzitsi wojambula pepala la malikisi ndi kulitumiza ku gulu la WhatsApp waulula ana onse a kalasi lace, ngakhale browser yace ikhale yolimba motani.

Mafunso

Mai wina wophunzitsa kalasi loyamba anaimirira nati iye alibe cobisa, nanga abvutikirenji? Mkuluyo anamyankha mwaulemu kuti: “Amai, inu mulibe, koma mwana uja wakumwa mankhwala, amene dzina lace liri m'makina anu, ali naco. Iye sanafunsidwe.”

Wina anafunsa za laputopu imene yagwira nchito kale zaka ziwiri popanda kukonzedwa motere. Yankho linali lakuti nthawi siinathe: mafunso onse a tsiku loyamba akupezeka mu Settings, pa mutu wa Privacy, ndipo browser ingasinthidwe tsiku liri lonse. Asanayambe, akopere zolemba zace pa fulashi ndi kuikhomera m'kabati pamodzi ndi kaundula.

Wacitatu anafunsa cocita laputopu ikaonongeka ndipo ifuna kupita kwa wokonza makina. Mkuluyo anati ngati ikali kuyaka, mwini wace ayambe wacotsa zolemba za ana, ndipo wokonzayo ampatse akaunti yaciwiri ija, osati yace.

Wapampando anathokoza mlendoyo m'malo mwa onse. Msonkhano unagwirizana kuti pa kukomana kwa cigawo cikudzaci, aliyense wokhala ndi laputopu abwere nayo yodzaza moto, pamodzi ndi pepala ndi colembera, kuti akonze makina ao pamodzi, odziwa athandize osadziwa.