Za Kulemba Zikumbukiro za Akuluakulu Amene Anakhala ku Blantyre pa Unyamata Wawo

Nkhani yokambidwa pa msonkhano waukulu wa pachaka wa Bungwe



M'midzi ya kwa Mkhumba, kwa Nazombe, kwa Kaduya ndi kwa Nkhulambe muli akuluakulu amene pa unyamata ndi pa utsikana wawo anasiya khasu napita ku Blantyre ndi ku Limbe kukafuna ndalama za msonkho ndi zovala. Masiku amenewo dera lino linali mbali ya boma la Mulanje, pakuti Phalombe anakhala boma payekha mu 1998. Ena analembedwa ntchito ku njanji ya Nyasaland Railways, ena ku fodya kwa Imperial Tobacco Company, ena kwa Mandala, ndipo ambiri anali ophika, olera ana ndi osamala maluwa pa makomo a Azungu. Munthu amene anali ndi zaka 20 mu 1959 anakwanitsa zaka 80 mu 2019. Tsono ngati Bungwe lili ndi mtima wofuna kusunga mawu awo, liyenera kuyambapo chaka chino.

Mzinda umene anyamatawo anaupeza unali wogawanika pawiri. Kugawanika koyamba kunali kwa khungu. Azungu anali ndi malo awo monga Sunnyside, Amwenye anali ndi masitolo awo, ndipo munthu wakuda akaweruka ankakagona ku Ndirande kapena m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya bwana wake. Kugawanika kwachiwiri, kumene kunapweteka koposa, kunali pakati pa anthu akuda okhaokha. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, chipani cha Nyasaland African Congress chinachikana kolimba, ndipo Dr. Banda atafika pa Chileka pa 6 July 1958 moto wa ndale unakula zedi. Munthu woganiziridwa kuti ali kumbali ya boma ankatchedwa kapirikoni. Pa 3 March 1959 Kazembe Sir Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, ndipo anthu oposa 1,000 anatsekeredwa, ena ku Kanjedza mu Limbe momwemo, ena ku Khami ndi ku Gwelo m'dziko la Southern Rhodesia. Motero zinali zotheka kuti anyamata awiri a mudzi umodzi, ovinidwa pa tsimba limodzi, wina avale yunifolomu ya polisi, wina asunge khadi la chipani m'thumba.

Chifukwa chake nkhani zimenezi sizinalembedwe nchodziwika. Ufulu unabwera pa 6 July 1964, koma mu September chaka chomwecho nduna zinasemphana maganizo ndi Dr. Banda, ndipo anthu monga Orton Chirwa, Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene maina awo ankatchulidwa ndi ulemu, anasanduka osatchulika. Kuyambira pamenepo kufikira referendamu ya pa 14 June 1993, munthu wanzeru ankatseka pakamwa ngakhale pamaso pa ana ake. Zimene zinatsala ndizo zolemba za boma, monga lipoti la Devlin la 1959 ndi mafailo a ku National Archives ku Zomba. Zolembazo nzothandiza ndithu, koma sizinena mmene wophika wa ku Migowi anamvera pothira tiyi bwana amene ankanyoza Congress, kapena mmene mayi wofulula mowa ku Ndirande anasungira ana mwamuna wake ali m'ndende.

Chitsanzo chabwino chilipo kale pakati pa Alomwe. Malemu Lewis Mataka Bandawe, amene anagwira ntchito ku khoti lalikulu ku Blantyre nalimbikira kuti dzina lonyoza lakuti Anguru lileke, anasiya mbiri ya moyo wawo m'buku lotchedwa Memoirs of a Malawian, losindikizidwa mu 1971. Iwo anali ophunzira, ndipo anatha kugwira cholembera okha. Akuluakulu ambiri a kuno sangathe kutero, kotero afunika zidzukulu zowalembera.

Ntchitoyi iyende motere. Kwa mkulu aliyense kupite anthu awiri, wina wofunsa, wina wolemba m'kope kapena wojambula mawu ndi foni, ndipo ayambe apempha chilolezo. Alembe mudzi ndi mfumu, chaka chimene mkuluyo anachoka kwawo, ntchito imene anagwira, malipiro ake m'mashelengi, malo amene ankagona, ndi chimene ankadya. Pambuyo pake afunse za ndale, koma mosafulumiza, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mkulu akayankhula Chilomwe, mawu ake alembedwe m'Chilomwe momwemo. Akasokoneza chaka, wolemba asakonze mawu a mwini wake, koma aike chaka choona m'mphepete mwa tsamba. Pomaliza amuwerengere zonse, kuti achotse chimene safuna kuti chimveke iye ali moyo.

Chinthu chachikulu koposa nchakuti mbali zonse zimvedwe. Wapolisi, mesenjala wa kwa D.C., womangidwa, ndi uja amene anathawa ndale nabwerera kumudzi kukalima nandolo, onse alembedwe ndi ulemu wofanana. Kope limeneli si bwalo la milandu. Ngati mkulu atchula mnzake kuti ndiye anamupereka, dzinalo lisalembedwe, chifukwa ana a anthu awiriwo mwina akwatirana ndipo atunga madzi pa chitsime chimodzi.

Za kasungidwe, anthu a Phalombe safunika kuuzidwa zambiri. Napolo wa mu March 1991 ndi namondwe Freddy wa mu March 2023 anakokolola nyumba pamodzi ndi makalata, zithunzi ndi zitupa zakale zimene zinali m'masutikesi. Chifukwa cha ichi mbiri iliyonse ilembedwe kawiri: kope lina likhale ndi eni mbumba, lina kwa Mlembi wa Bungwe, lokutidwa bwino ndi pulasitiki.

Pempho kwa msonkhano uno nlakuti nthambi iliyonse isankhe anthu awiri lero, ndipo pa msonkhano wa chaka chamawa ibwere ndi mbiri za akuluakulu osachepera atatu, mwa iwo mukhale mayi mmodzi.