Akazi a Mwezi ndi Mliri wa 2020

Asodzi a ku Mangochi saŵerenga nyenyezi m'nyuzipepala ayi, amaziŵerenga kumwamba. Makolo ankati mwezi uli ndi akazi aŵiri: Puikani wakumadzulo amaudyetsa nunenepa, Chekechani wakum'maŵa amaumana nuwonda. Ukawonda chotero, mdima umagwa panyanja, ndipo usipa umathamangira nyali za asodzi.

M'chaka cha 2020 boma lidalamula kuti anthu abindikire masiku 21 kuyambira pa 18 April, poopa Covid-19. Khoti Lalikulu lidaletsa lamulolo pa 17 April, odandaula atafunsa kuti osauka adzadyanji. Mwezi udafa pa 23 April, mkati mwa masikuwo. Msodzi wa ku Malembo akadabindikira, mdima umenewo ukadampita, chilimira chili chopachika ndi ana akulirira ndiwo.