Mkaka wa soya pakhomo: thovu lisatipusitse

Lero tikamba za kukhitchini, koma musathawe.

Ambirife tikamwa tiyi wamkaka m'mawa, pofika 10 koloko m'mimba mwayamba kulira. Mpweya, kutupa, ena mpaka kutsegula kumene. Sikuti mwalodzedwa ayi. Mu mkaka wa ng'ombe muli shuga wotchedwa lactose, ndipo anthu ambiri tikamakula thupi limachepetsa mphamvu yomugaya. Kuonjezera apo, mtengo wa mkaka waufa mukuudziwa nokha. Pomwe soya, yemwe amalimidwa ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dedza ndi ku Lilongwe, ali mbwee pamsika, ndipo mulibe lactose ngakhale pang'ono.

Kapangidwe kake ndi aka. Tengani kapu imodzi ya soya wouma, musankhe bwinobwino, kuchotsa timiyala ndi njere zowola. Mviikeni m'madzi usiku wonse, maola 8 mpaka 12. M'mawa mupeza watupa kuposa kawiri. Tayani madzi aja, mumutikite ndi manja kuti makoko ayandame, mutsuke. Kenako mugaye mu blender ndi makapu 6 kapena 7 a madzi. Blender mulibe, kapena magetsi athima? Mtondo ulipo, kungoti dzanja limva kuwawa. Sefani pansalu yoyera, mufinye mpaka dontho lomaliza.

Tsopano apa ndi pamene tikufuna timvane, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Zimene mwasefazo zikuoneka zoyera ngati mkaka, koma ndi nyemba zosaphika. Mu soya wosapsa muli zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo mukamwa choncho mukhoza kumva nseru, kusanza, kapena kupweteka m'mimba. Zimafa ndi moto basi. Vuto lake, mkaka wa soya umanama. Ukangotentha umatulutsa thovu lambiri, n'kufufuma ngati wawira, pomwe usanafike powira penipeni. Ife tomwe tsiku loyamba tinaphula titangoona thovu, ndipo masana onse tinathera kuchimbudzi. Ndiye thovu likakwera, chepetsani moto, pambaula phulaniko makala ena, takasani ndi mthiko, lichotseni thovulo. Ukayamba kubwata zenizeni, werengani mphindi 15 mpaka 20. Poto akhale wamkulu, ndipo foni muyiike pambali kaye, chifukwa ukasefukira ntchito yotsuka ndi yanu.

Fungo lanyemba lija limachepa ukawira mokwanira. Kamchere pang'ono, shuga, kapena jinja, basi watheka. M'furiji ukhala masiku atatu. Popanda furiji, imwani tsiku lomwelo. Zotsala pansalu musataye, sakanizani mu ufa wa zitumbuwa kapena chigumu, bola zipse bwino.

Chinanso, ndipo ichi ndi chachikulu. Mkakawu si wa khanda. Tikudziwa mmene zimakhalira. Lamulo la ntchito limapereka tchuthi chauchembere cha masabata osachepera 8, kenako bwana akukufunani, mwana akutsala ndi agogo kapena wantchito, mkaka wam'chitini wa ana mtengo wake wosayamba. Wina n'kukuuzani kuti “ingomupatsani wa soya, si mkaka womwewo?” Ayi, si womwewo. Mkaka wa soya wopanga pakhomo ulibe mafuta, calcium ndi mavitamini okwanira kukuza khanda, vitamini B12 mulibiretu, ndipo mwana wongodalira umenewu akhoza kudwala matenda osowa zakudya m'thupi. Miyezi 6 yoyamba ndi kuyamwitsa mwakathithi. Ngati mukubwerera kuntchito, funsani anamwino kusikelo akuonetseni kafinyidwe ndi kasungidwe ka mkaka wa m'mawere. Mwana akayamba kudya, soya alowe m'phala, ngati mmene zilili ndi Likuni Phala, koma bere lipitirire mpaka zaka ziwiri.

Kwa ife akuluakulu, wa soya ndi wabwino mu tiyi, m'phala, ngakhale kumwa chabe. Mapuloteni ake sasiyana kwambiri ndi a mkaka wa ng'ombe, koma calcium ndi wochepa, ndiye usipa ndi matemba, zodya ndi minga yomwe zija, musazinyoze.

Ena afunsa za mtedza. Nawonso umatheka, njira yake ndi yofanana. Koma sankhani mosamala, njere iliyonse yachuku kapena yofwifwa itayeni, chifukwa poizoni wa chuku, aflatoxin uja, saphedwa ndi kuwiritsa ndipo amawononga chiwindi.