BWALO LOWERUZA MAKALATA A MADOTOLO

 Madzulo ano tikambirane za bwalo lina limene ambiri a ife sitinalionepo, ngakhale liweruza nkhani zokhudza moyo wathu. Ndilo bwalo la magazini a madotolo.

Tiyambe ndi nkhumba. Aliyense wokulira kwathu kum'mawa adziwa masese, tinthu toyera tija tonga mpunga topezeka m'nyama ya nkhumba. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, m'mimba mwace mukula njoka yaitali. Mazira a njokayo aturuka ndi cimbudzi, nkhumba zoyendayenda ziwadya, ndipo masese abwereranso. Coopsa koposa ndi ici: munthu akameza mazirawo m'madzi kapena m'cakudya codetsedwa, masese amera m'thupi mwace, nthawi zina mu ubongo, ndipo ena ayamba kugwa khunyu. Kumudzi tingoti amlodza.

Akatswiri a Yunivesite ya Zambia, mmodzi wa iwo Dr Kabemba Mwape, pamodzi ndi anzao a ku Ulaya, anafufuza nthenda imeneyi zaka zambiri m'midzi ya Katete. Mu 2015 zimene anapeza mwa anthu odwala khunyu zinasindikizidwa m'magazini ya PLoS Neglected Tropical Diseases. Tsono kalata yotere iyenda bwanji kufikira isindikizidwe?

Poyamba ifika kwa mkonzi. Iyeyu ali ngati mfumu pabwalo. Akaona kuti nkhaniyo njopanda mutu, kapena siyenera magazini yace, aibweza pomwepo. M'magazini ochuka makalata ambiri athera pakhomo pomwepa. Ikapulumuka, aitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu odziwa nchito yomweyo, amene sanagwire nao kafukufukuyo. Awa ndiwo nduna zace. Kawirikawiri wolemba sauzidwa maina ao, kuti nduna ilankhule mosaopa ngakhale wolembayo ndi munthu wamkuru. Ndipo nthawi zambiri salipidwa kanthu, awerenga usiku atatha nchito zao.

Nchito ya ndunazi ndiyo kufuna pofooka. Pa nkhani ngati ya masese, mafunso ace akhala otere. Munapima anthu angati, ndipo munawasankha bwanji? Ngati munatenga okhawo okhala pafupi ndi cipatala, simunganene za boma lonse. Munadziwa bwanji kuti khunyu la munthu uyu lacokera ku masese, pakuti malungo a mu ubongo ndi kubvulala m'mutu zidzetsanso khunyu? Kodi munangopima magazi, kapena munajambulanso ubongo ndi makina? Kupima magazi kuonetsa kuti munthu anakumana ndi kacirombo, koma sikunena pamene kakhala. Funso linanso nlaulemu wa anthu: kodi opimidwawo anauzidwa bwino m'cinenero cao, nabvomera okha, ndipo bungwe loyang'anira kafukufuku linapereka cilolezo? M'Zambia lamulo la 2013 la kafukufuku wa zaumoyo lifuna zimenezi, ndipo magazini abwino sasindikiza kalata yopanda cilolezo cotere.

Inu a kumigodi muzidziwa izi. Munthu akatola mwala wobiriwira sathamanga kukakumba mgodi. Mwalawo uyamba wapita kukapimidwa, kuti adziwe mkuwa uli m'menemo ngwocuruka bwanji.

Nduna zikalemba maganizo ao, mkonzi agamula. Mwina akana, mwina abvomera, koma kawirikawiri auza olembawo kuti akonze. Ayenera kuyankha funso lililonse, kuwerenganso manambala ao, ndi kucepetsa mau pamene ananena zoposa umboni wao. Kalata itha kupita ndi kubwera miyezi yambiri. Ena adandaula kuti kucedwaku kuzunza odwala, ndipo dandaulo lao nlomveka. Koma ine ndiyesa kuti mankhwala ofalitsidwa molakwa aononga koposa miyezi isanu ya kudikira. Magazini yathu, Medical Journal of Zambia, ya bungwe la madotolo a m'dziko muno, itsata njira yomweyi.

Nchito ya ku Katete ndi Sinda inapitirira. Akatswiri anayesa kupatsa anthu mankhwala opha njoka, kupatsa nkhumba mankhwala ndi katemera, ndi kuphunzitsa midzi za zimbudzi. Ndipo mu 2020 zotsatira zace zinaturuka m'magazini yaikuru ya ku America, New England Journal of Medicine, kusonyeza kuti kufala kwa kaciromboka kungadulidwe.

Koma ndisakunyengeni kuti bwaloli silipusitsidwa. Nduna ziwerenga pepala cabe. Sizipita ku Katete kukawerenga nkhumba kapena kufunsa odwala. Wolemba akanama mocenjera, bodza lace litha kudutsa. Mu 1998 magazini ya ku London, The Lancet, inasindikiza kalata ya Andrew Wakefield ndi anzace, yonena za ana 12 okha, imene inaopseza makolo kuti katemera wa cikuku aononga maganizo a ana. Makolo ambiri a ku England analeka kubayitsa ana ao, ndipo cikuku cinabwerera. Akatswiri ena anapima ana zikwizikwi m'maiko osiyana, osapeza cimene iye ananena. Mtolankhani Brian Deer anaulula cinyengo cinali m'kati mwace. The Lancet inafafaniza kalatayo mu 2010, patapita zaka 12, ndipo caka comweco Wakefield anacotsedwa m'kaundula wa madotolo a ku Britain.

Nthawi yathu yatha. Tsalani bwino nonse.