Mphamvu Yosungizidwa: Chiyambi cha Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi



Pa tsiku lolonga ufumu, akuluakulu amalangiza mfumu pamaso pa anthu, kuikumbutsa kuti mpando ndi wa mbumba ndipo iyo ndi msungi chabe. Mfundo yomweyo ndiyo msanamira ya Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi. Ndime 12 ya malamulowa imatsindika kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo wolamula amangosungizidwa mphamvuzo.

Mfundoyi idabadwira m'zowawa. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, padangopita zaka ziwiri malamulo nkusinthidwa, Malawi nakhala dziko la chipani chimodzi. Mu 1971 Dr. H. Kamuzu Banda adalengezedwa kukhala Pulezidenti wamuyaya. Dzina la mafumu nalo lidadetsedwa. Makhoti a miyambo, momwe woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, adapatsidwa mphamvu zozenga milandu ya kupha ndi kuukira boma. Khoti lotere ndilo lidagamula mu 1983 kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse, ndipo Orton adamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Chaka chomwecho, pa 8 Malichi, kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula kuponderezana idawerengedwa m'matchalitchi. Mawu atamveka poyera, sadabwezekenso. Pa 14 Juni 1993 padachitika riferendamu, nyali ikuimira zipani zambiri, tambala wakuda akuimira chipani chimodzi. Pafupifupi anthu 63 mwa 100 alionse adasankha nyali. Pamenepo bungwe la National Consultative Council, momwe mudali nthumwi za zipani, lidalemba malamulo atsopano. Malamulowo adayamba kugwira ntchito mongoyembekezera pa 18 Meyi 1994, tsiku lotsatira chisankho chimene Bakili Muluzi adapambana. Ataunikidwanso pa msonkhano wa dziko lonse, adakhazikika mu Meyi 1995.

Alembiwo, pokumbukira kuopsa kounjika mphamvu pa munthu mmodzi, adakhazika boma pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi Pulezidenti ndi nduna zake, amene amayendetsa ntchito za boma. Pulezidenti amalamulira zaka zisanu, ndipo sangapitirire maulendo awiri otsatizana. Lachiwiri ndi Nyumba ya Malamulo, momwe aphungu amapanga malamulo ndi kuvomereza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za misonkho. Lachitatu ndi makhoti, amene amatanthauzira malamulo, ndipo ali ndi mphamvu yothetsa lamulo kapena chochita cha boma chotsutsana ndi malamulo aakuluwa. Fuwa limodzi likasendezedwa, mphika umapendekeka.

Mafuwawa adayesedwapo. Mu 2002 bilu yochotsa malire a maulendo a Pulezidenti idagwa m'Nyumba ya Malamulo, popeza sidapeze magawo awiri mwa atatu a aphungu. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha 2019, ndipo anthu adaponyanso voti pa 23 Juni chaka chomwecho.

Pali zina zimene zidatayika m'njira. Poyamba malamulowa adakonza nyumba yachiwiri, ya Seneti, ya mipando 80, momwe boma lililonse likadatumizako mfumu yosankhidwa ndi mafumu anzake. Nyumbayo sidakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi, ndipo idachotsedwa m'malamulo mu 2001. Ndime yopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane idafufutidwa kale mu 1995.

Komabe chikhalidwe chili ndi malo ake. Ndime 26 imapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula chinenero chake ndi kutsata chikhalidwe chimene wasankha. Ufuluwo uli ndi malire, pakuti mwambo uliwonse umayenera kugwirizana ndi malamulo aakulu. Nchifukwa chake kusintha kwa mu 2017, kotsimikiza kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kudatseka khomo la maukwati a ana, ngakhale makolo atavomereza.

Ndime zina zikuluzikulu, monga za ufulu wachibadwidwe, sizingasinthidwe tanthauzo popanda kufunsa eni dziko pa riferendamu. Koma munthu sangateteze malire a munda umene sadauyendere. Mfumu yodziwa ndime zimenezi imaweruza mosaopa, ndipo mudzi wozidziwa umafunsa phungu ndi nduna mmene akusungira mphamvu zimene adasungizidwa.