Bizinesi ya pafoni: zimene zasintha ndi mmene mungatchinjirizire akaunti yanu

Ine ndachokera ku Musana, m'boma la Bindura, kufupi ndi migodi ya Trojan, Freda Rebecca ndi Shamva. Chichewa mukumvachi ndi cha agogo anga, amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi monga anachitira anzawo ambiri. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni komanso kuthandiza anthu a geni kutsegula ndi kusamala maakaunti awo. Andipempha kuti ndikambe zimene makampani a pa intaneti asintha zaka zapitazi, ndi zimene munthu angachite kuti akaunti yake isalandidwe.

Mgodi wa Trojan utaimitsa ntchito mu 2008, mabanja ambiri a m'makomponi anatembenukira ku geni. Ena akulima tomato ndi masamba n'kumatumiza ku Mbare mu Harare, ena akuwotcherera zitsulo, ena akuphikira anyamata okumba golide. EcoCash itabwera mu 2011, kenako WhatsApp itafala, malonda onsewa analowa mufoni. Ndaona kuti muno n'chimodzimodzi: osoka, oluka tsitsi, ogulitsa makala, nonse makasitomala anu ali mufoni.

Koma ndikati ali mufoni sindikunena zoona zonse. Manambala a makasitomala, zithunzi za katundu, mameseji a amene ali nanu ngongole, zambiri mwa izi zimasungidwa pa makompyuta akuluakulu a kampani, amene ali kumayiko akutali. Ndi zimene pa Chingerezi amati cloud. Ubwino wake ngwakuti foni ikagwera m'madzi, katundu wanu amatsala. Kuipa kwake, nyumbayo ndi ya eni. Eni ake akasintha lamulo safunsa inu, amangotumiza imelo ya Chingerezi imene ambirife sititsegula n'komwe.

Choyamba chimene anasintha ndi ichi. Kuyambira December 2023, Google inayamba kufufuta maakaunti amene atha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito. Akaunti ikafufutidwa, imapita ndi maimelo, zithunzi ndi mapepala onse amene munasungamo. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munajambula zikalata zofunika, satifiketi ya sukulu kapena ya ukwati, n'kuzisunga mu Gmail yakale imene simulowamo. Lowanimo. Kungotsegula imelo imodzi n'kuiwerenga kumakwanira kuti akauntiyo ioneke yamoyo.

Chachiwiri chikukhudza amene anali ndi webusaiti. Google inkalola munthu wa bizinesi kupanga kawebusaiti kaulere, adiresi yake yothera ndi business.site. Mu March 2024 anatseka mawebusaiti onsewo. Kwa miyezi ingapo wotsegula adiresiyo ankapititsidwa ku tsamba la bizinesiyo pa Google, koma pa 10 June 2024 nazonso zinatha. Kwathu kuli anthu amene analembetsa adiresi yotere pachikwangwani ndi penti, ndipo chikwangwanicho chikulozabe pakhomo pamene palibe nyumba. Tsamba la bizinesi pa Google Maps lilipobe ndipo ndi laulere. Wosoka kapena wogulitsa zakudya, maganizo anga ndi akuti safunika webusaiti. WhatsApp Business, imene inatuluka mu January 2018, ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, ndipo makasitomala anu ali kale kumeneko. Wina akabwera n'kukuuzani kuti mumulipire akupangireni webusaiti, mufunseni kuti adiresiyo ilembetsedwa m'dzina la ndani, ndipo chaka chamawa adzalipira ndani.

Chachitatu n'chimene chadabwitsa anthu ambiri. Akaunti iliyonse ya Google ili ndi malo aulere a 15 GB, ogawana pakati pa Gmail, zithunzi ndi Drive. Kale mameseji a WhatsApp osungidwa kumeneko sankawerengeredwa pa malowa. Kuyambira kumayambiriro kwa 2024, pa mafoni a Android, akuwerengeredwa. Malo akadzaza, WhatsApp imaleka kusunga mameseji atsopano, ndipo Gmail imaleka kulandira maimelo. Ganizirani munthu amene akudikira yankho la sukulu kapena la ntchito, kalata n'kubwerera chifukwa bokosi ladzaza ndi mavidiyo a kwaya ndi a mpira. Mankhwala ake ndi osavuta: mu WhatsApp pitani pa Settings, Chats, Chat backup, ndipo muzimitse pamene palembedwa Include videos.

Tsopano ndifike pa akuba, chifukwa apa ndi pamene anthu akulira.

Wakuba wa masiku ano safuna foni yanu. Amaika WhatsApp mufoni yake n'kulembamo nambala yanu. WhatsApp imatumiza meseji ya manambala 6 ku layini yanu pofuna kutsimikiza kuti ndinudi. Iyeyo manambalawo sangawaone, ndiye ayenera kuwapempha kwa inu. Amakulemberani ngati mnzanu wa kutchalitchi, nthawi zambiri pogwiritsa ntchito akaunti ya mnzanuyo imene wailanda kale, n'kunena kuti, pepani ndatumiza manambala kwa inu molakwitsa, nditumizireni. Kapena amati mwalowetsedwa m'gulu la thandizo, tchulani manambala amene mwalandira. Mukangotchula, WhatsApp yanu imatsekeka, ndipo iye amayamba kulembera anthu a m'magulu anu onse m'dzina lanu.

Mayi wina wa tomato kwathu zinamuchitikira Lachisanu madzulo. Pofika Loweruka m'mawa makasitomala ake angapo anali atatumiza ndalama za oda ku nambala yachilendo, poganiza kuti mayiyo wasintha layini. Akaunti tinaibweza. Chimene chinatenga nthawi kubwerera ndi chikhulupiriro cha anthu aja, poti ena mpaka lero amaganiza kuti anadya ndalamazo ndi iyeyo. Pa geni dzina ndiye mpamba.

Choncho manambala 6 amene abwera pa meseji musauze munthu aliyense, kaya ndi m'bale, kaya akuti ndi wa ku kampani ya mafoni, kaya akuti ndi wa ku ofesi ya bungwe. Palibe ofesi yoona imene imawafuna. Ndipo poti tili muno, ndionjezere: thandizo la UNHCR ndi laulere. Meseji yonena kuti dzina lanu latuluka pa ulendo wopita kudziko lina, tumizani ndalama kapena dinani apa mulembe pasiwedi yanu, imeneyo ndi ya mbava.

Pali loko wachiwiri amene WhatsApp inaika mu 2017, koma anthu ochepa ndi amene amamugwiritsa ntchito. Pitani pa Settings, Account, Two-step verification. Musankha pini ya manambala 6 yodziwa inu nokha. Mukatero, ngakhale wakuba atapeza manambala a pa meseji aja, amafika pachitseko china chofuna pini. Akakufunsani imelo, ikanipo imene mumatha kulowamo, chifukwa ndi imene idzakupulumutseni mukadzaiwala pini. Chaka chobadwa musachiike, nambala ya khadi lanu lolandirira chakudya musaiike. Zimenezo anthu ambiri aziona.

Nanga akaunti ikalandidwa kale? Musataye mtima, ndipo musalipire munthu wolonjeza kuti aibweza. Malinga layini ili m'manja mwanu, tsegulani WhatsApp, lembani nambala yanu, landirani manambala 6 atsopano, lowani. Mukangolowa, wakubayo amatulutsidwa. Ngati iye anafulumira kuika pini yake, mudikira masiku 7 musanalowe, komabe iyeyo amakhala atatulutsidwa kale pamene munalemba manambala aja. Masiku amenewo yendani, imbani, uzani makasitomala ndi a m'banja kuti asatumize ndalama. Kanenaninso kupolisi, chifukwa kulanda akaunti ya munthu ndi mlandu.

Zonsezi zatsamira pa chinthu chimodzi, chomwe ndi layini. Ndalankhula kuti malinga layini ili m'manja mwanu. Funso ndi lakuti, simukadi imene mukugwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina la ndani? Kuno ku Zimbabwe bungwe la POTRAZ limafuna kuti layini iliyonse ikhale ndi mwini wolembedwa, ndipo ku Malawi a MACRA anakhwimitsa lamulo lomweli mu 2018. Nkhaniyi ife a m'makomponi timaidziwa bwino. Makolo athu ambiri anakhala zaka ndi zaka opanda chitupa choyenera, kapena ndi chitupa chowatchula kuti ndi alendo, ndiye zinthu zambiri ankalembetsa m'dzina la mnansi. Inunso ena, chifukwa cha vuto la mapepala, munapempha mnzanu wa kumudzi woyandikana nawo kuti akugulireni layini. Sindikukudzudzulani, munalibe njira ina. Koma dziwani chimene chili pamenepo. Layini ikatayika, amene angakatenge ina ya nambala yomweyo ndi mwini dzina. Mukadzayambana naye, akhoza kupita kukanena kuti simukadi yake yasowa, n'kupatsidwa yatsopano. Tsiku lomwelo yanu imafa, ndipo mameseji onse otsimikizira, a WhatsApp, a Facebook, a Google, ndi ndalama za mufoni, zimapita kwa iye. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene muli ndi chitupa chovomerezeka, funsani ku ofesi ya muno ngati chingalembetse layini, ndipo ngati chingathe, sinthani dzina mudakali pa ubale wabwino ndi munthuyo. Amene simungathe, musasunge ndalama zambiri pa layini yotero, ndipo pini ya WhatsApp ija kwa inu ndi yofunika kuposa kwa wina aliyense.

Layini imathanso kufa yokha. Ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imaitenga n'kugulitsa nambalayo kwa munthu wina. Izi zimagwera makamaka anthu osamuka. Ngati mukubwerera kwanu kapena mukupita kudziko lina, musangotaya simukadi yakale. Mukapeza nambala yatsopano, mufoni yomweyo pitani pa Settings, Account, Change number, ndipo magulu anu onse asamukira ku nambala yatsopanoyo. Ku Google ndi ku Facebook nakonso sinthani nambala mudakali ndi yakaleyo.

Ndinene za anthu a ntchito yanga, ngakhale ena sakondwa. Munthu akagula foni, kawirikawiri amapatsa mnyamata wa pashopu kuti amutsegulire Gmail. Mnyamatayo amasankha dzina, amasankha pasiwedi, nthawi zina amaikapo nambala yake yobwezeretsera akaunti, mwini foni n'kumapita osadziwa chilichonse. Ambiri sachita izi ndi mtima woipa, ndi changu chabe. Koma foniyo ikadzafuna kufufutidwa yonse kuti iyambirenso, Android imafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale, ndipo popanda pasiwedi foni imasanduka mwala. Lero lomwe funsani dzina la Gmail yanu, sinthani pasiwedi, onani kuti nambala yobwezeretsera ndi yanu. Ndipo foni ikachokera kokonzedwa kapena kotchajitsa, tsegulani WhatsApp pa Linked devices. Akaunti imodzi imatha kulumikizidwa ku zipangizo zina 4, ndipo munthu amene wagwira foni yanu mphindi imodzi akhoza kumawerenga mameseji anu ali kwawo. Mukaona chipangizo chimene simukuchidziwa, chichotseni.

Chatsopano kwambiri ndi chimene akuchitcha passkey. Google inachiyambitsa pa maakaunti a anthu mu May 2023, ndipo WhatsApp inatsatira pa Android mu October chaka chomwecho. M'malo molemba pasiwedi, mumalowa ndi chala, nkhope, kapena pini yotsegulira foni. Ubwino wake ngwakuti palibe mawu achinsinsi amene wakuba angakunyengeni kuti mumuuze. Ngati foni ndi yanuyanu, foni ikakufunsani vomerani. Koma ndaona kuti muno, monganso kwathu, foni imodzi imagwira banja lonse, ana akudziwa pini, alamu akudziwa pini. Pamenepo aliyense wodziwa kutsegula foniyo watsegulanso akaunti. Anthu amene anapanga passkey ankaganizira munthu mmodzi, foni imodzi. Pa foni yobwerekana ine ndimalangiza kuti muyambe mwaisiya.

Chimene ndimakonda ine ndi chachikale, pepala ndi cholembera. Mukayatsa 2-Step Verification pa akaunti ya Google, pali malo olembedwa Backup codes. Amakupatsani manambala 10, iliyonse ya madijiti 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi. Foni itabedwa, layini itafa, nambala imodzi mwa zimenezi pamodzi ndi pasiwedi yanu zimakulowetsani pa foni ina iliyonse. Zilembeni papepala, likulungeni mupulasitiki, liikeni pamene mumasunga zikalata zanu za muno. Musalijambule ndi foni yomweyo.

Za ndalama za mufoni ndinena mwachidule poti mwazimva kambirimbiri. Pini yanu ejenti saifuna, ilembeni nokha mutabisa ndi dzanja. Kasitomala akakuonetsani meseji yoti walipira, musapereke katundu musanaone balansi yanu, pa EcoCash ndi *151#, chifukwa meseji munthu akhoza kuilemba yekha. Woimba kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa, muuzeni aimbire kampani.

Tikamaliza pano ndikhala pa tebulo lakumbuyoko mpaka dzuwa litapendeka. Amene mukufuna kuti tiike pini ya WhatsApp kapena titulutse manambala 10 aja, bwerani ndi foni yotchaja, pepala ndi cholembera. Tiyamba ndi amayi a ana ang'ono. Pini mulemba nokha, ine ndiyang'ana kumbali.